Ndinatsuka Botolo la Apongozi

Ntchito yanga kwa zaka zambiri inali yosuzumira m'zimbudzi za anthu. Ndinali mlangizi wa zaumoyo, mmodzi mwa aja oyenda pa njinga mudzi ndi mudzi kufunsa eni khomo ngati ali ndi dzenje la zinyalala, thandala loyanikapo mbale, ndi kachigubu kosambira m'manja pochokera kuchimbudzi. M'midzi ya pakati pa Golomoti ndi Mtakataka anthu ankandipatsa ulemu wamtundu wake. Njinga yanga ikangotulukira, amayi ankathamangira kukavundikira mitsuko, abambo n'kumakankhira ndowe za mbuzi kuseri kwa nyumba ndi phazi. Ine ndinkati amandikonda.

Kwathu si kuno kuchigwa. Ndinabadwira kumtunda, kumapiri a Dedza, kumene munthu umafunda mabulangete awiri n'kumadandaulabe. Kuno ndinabwera ndi ntchito, ndinapeza mkazi, ndipo ndinamanga nyumba pakhomo pa apongozi monga achitira mkamwini aliyense. Mumtima ndinkati ndi za chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako ndipempha chitengwa, nditenge mkazi wanga tikakhale kwathu. Chinakwana chaka chachisanu ndi chimodzi ndikadali pomwepo, ndikulima munda wa eni, ndikutchedwa mlendo ndi anthu amene ana awo ndinawabaya katemera ndi manja angawa. Ndinali nditapempha kawiri kudzera mwa ankhoswe anga. Kawiri konseko amalume a mkazi wanga anabwera ndi yankho limodzimodzi lochokera kwa mlongo wawo, apongozi angawo: mwana wanga sachoka pano. Zinkandiwawa, ndisaname. Mwamuna wamkulu, ndevu pepeya, kumapempha chilolezo chodulira nthambi ya mtengo umene anabzala yekha.

Apongozi aamuna sindinawaone, anamwalira ine ndisanafike. Anasiya ana aakazi awiri. Wamng'ono anali atatengedwa kale ndi mwamuna wake wa ku Mua, ndiye apongozi aakazi anagwira wamkuluyo ndi manja awiri, ndipo wamkuluyo ndi amene ndinakwatira ine.

Mayiwa anali a mwambo wakale uja wothawana ndi mkamwini. Zaka zonsezo sitinalankhulanepo, sitinadyerepo pamodzi, ndipo nkhope yawo ndinkaidziwa cham'mbali basi. Tikakumanizana panjira ya kumjigo, iwo ankapatukira patchire kumanzere, ine kumanja, n'kumadikirirana mpaka chisoso chitadzaza m'masokosi. Anzanga akuntchito ankandiseka kuti zimenezo zinatha kalekale, apongozi amasiku ano amakwezedwa pa njinga yamoto atagwira mkamwini m'chiuno. Koma ine ndinkanyada nazo. Ndinkati ndine munthu wopita kusukulu koma wosataya mwambo, ndipo ndinkaonetsetsa kuti anthu azidziwa zimenezo.

Nkhani zonse zinkadzera mwa mkazi wanga. Iye akachokapo, tinali ndi njira yathu ina. Apongozi akafuna ndiwakonzere chinthu, ankachisiya pakhomo pa nyumba yanga m'mamawa: khasu loguluka mpini, ndowa yodontha, zoterozo. Ndikakonza ndinkakachisiya pakhomo pawo, n'kutsokomola kamodzi, n'kubwerera. Sitinakanganepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndi akamwini ochepa amene anganene zimenezo.

Chaka chachisanu ndi chimodzicho, masau atayamba kupsa, ankhoswe anagwirizana zoti nkhani ya chitengwa ikambidwenso kachitatu, Loweruka. Ndinadziuza kuti ndikakanizidwanso ulendo uno, basi, sindidzapemphanso, ndidzafera kwa eni. Lolemba la sabata lomwelo uthenga unabwera woti mlamu wanga wa ku Mua uja wapita kuchidikiro kuchipatala, masiku ake akwana. Apongozi akanapita okha kukamudikirira, koma mpunga wawo unali ukadali kumunda ku Bwanje, wosapuntha. Ndiye anapita mkazi wanga, atabereka mwana wathu, foni ya pakhomo ili m'chikwama. Tinatsala awiri, ine ndi munthu amene sindinkaloledwa kumupatsa moni.

Lachitatu m'mawa, apongozi atapita kumpunga, ndinalowa m'kachisakasa kawo ka kuseri kwa nkhokwe kukafuna chikwanje. Pakona panali chinthu chofunditsidwa chiguduli. Ntchito inandiphunzitsa kuti chilichonse chofunditsidwa chiguduli chiyenera kuvundukulidwa, ndiye ndinavundukula.

Linali botolo lagalasi, lalikulu mimba ngati mtsuko wotungira madzi, khosi lalifupi, pakamwa pongolowa zala ziwiri, lotsekedwa ndi chitsononkho chokulunga m'kansalu. Mbiri yake ndinali nditaimvapo kwa mkazi wanga. Bambo ake analitenga ku Mozambiki akadali mnyamata, analitsitsa phiri lonse la Khwekhwerere atalibereka kumsana, ndipo chaka ndi chaka ankafululiramo vinyo wa masau amene madoda a m'mudzimo amamukumbukabe akumeza malovu. Koma m'kati mwakemo, abale inu! Pansi panali nkhoko zakuda bii, zochindikala ngati chala. M'mbali munali mizere yofiirira, wina pamwamba pa unzake, yosonyeza pamene vinyo wa chaka chilichonse ankalekezera. Pamwamba pa nkhokozo panali timadzi tochepa tochita thovu. Nditatsegula, fungo linandimenya m'mphuno, lowawasa, lotsekemerera chakutali.

Munthu woganiza akanadzifunsa kuti botolo la munthu amene anamwalira zaka zisanu ndi zitatu zapitazo lingakhale bwanji lonyowa m'kati, kuno kotentha chonchi. Ine sindinadzifunse. Ndinali ndi setifiketi, ndipo setifiketiyo inandiuza kuti amenewa ndi majeremusi.

Choyamba ndinachita manyazi. Ine woyenda m'midzi kudzudzula anthu, uve woterewu uli pakhomo pamene ndimagona. Kenako nzeru inandibwerera, ndipo ndinaima m'kachisakasamo ndikumwetulira ndekha. Ndinati ndilitsuka botolo la malemuwa mpaka liwale, Loweruka ndiliike pabwalo amalume alione. Aona kuti mkamwini uyu amasamala ngakhale katundu wa apongozi amene sanawaonepo. Munthu wotere mungamukanize mkazi?

Ndinalinyamula molikumbatira mpaka pakhonde panga. Timadzi tija ndinatikhuthulira pansi, nyerere n'kubwera zambirimbiri. Ndinathiramo madzi ndi sopo waufa, n'kuyamba kukhutchumula. Amene sanakhutchumulepo botolo la malita makumi awiri asandiuze za ntchito. Umaligwira pakhosi ndi dzanja limodzi, lina pansi, mimba yake itatsamira pa mimba yako, n'kumagwedezeka thupi lonse mpaka msana uchite kulira. Nditatsanula panatuluka thovu loyera bwinobwino, ngati ndatsuka kapu ya tiyi. Nkhoko zinali phee pamalo pake. Ndinatenthetsa madzi, osawawiritsa, poti ndinkadziwa kuti galasi limang'aluka, ndipo ndinabwereza kanayi. Palibe chinasuntha.

Dzuwa litapendeka apongozi anatulukira, thumba la mpunga lili pamutu. Atafika pa nkhokwe anaima. Anaima nthawi yaitali, thumba osatula. Kenako anatsokomola. Ine mwaulemu ndinadzuka, n'kuwafulatira, n'kupitiriza kukhutchumula mwamphamvu kuposa poyamba, kuti ngakhale chakumbuyo aone khama. Anatsokomolanso kawiri. Ndinaganiza zoti mkazi wanga akabwera ndimuuze apite nawo amayi akewo akayezetse chifuwa.

Ndikuuzeni pano chimene ine ndinauzidwa mochedwa. Malemu aja botolo lawo sankalitsuka, ngakhale kamodzi. Vinyo akatha ankasiya masese pansi, ndipo masesewo ndi amene ankadzutsa vinyo wa chaka chotsatira, monga amachitira amayi ofulula mowa ndi mbiya zawo zakale. Nkhoko zimene ndinkalimbana nazozo zinali ntchito ya munthu ya zaka makumi atatu. Iwo atamwalira, apongozi aakazi analowa mpingo wina woletsa mowa, ndipo anaimirira pamaso pa mpingo wonse kunena kuti zofululira za amuna awo aziponya mumtsinje. Anaponyadi zonse, kupatula chimodzi. Masau akapsa ankafinyira kapu imodzi m'botolomo, ndi kashuga pang'ono, n'kutseka. Pakapita masiku, likayamba kuchita thovu, ankalowa m'kachisakasa muja, n'kutsegula, n'kununkhiza. Sankamwa ngakhale dontho. Ankati ndi fungo la amuna awo.

Ndiye taganizirani mayi aja ataima pa nkhokwe. Kundilankhula sakanatha, mwambo. Kutuma mnzawo wapafupi sakanathanso, poti oyandikana nawo nyumba onse anali azimayi okhala nawo benchi imodzi kutchalitchi, omwe aja anaomba m'manja tsiku limene iwo ananena za mtsinje. Mwana wawo wamkulu, mkazi wangayo, yekhayo wodziwa chinsinsicho, anali ku Mua pamodzi ndi foni. Chimene chinawatsalira n'kudikira kuti ndikalisiya panja adzalitenge mwakachetechete, ngati akuba katundu wawo yemwe. Koma ine, munthu wosamala zinthu, ndinaopa kuti mbuzi zingaligwetse. Ndinalidzaza madzi asopo kuti nkhoko zifewe, n'kulilowetsa m'nyumba mwanga, kuchipinda, kumene mpongozi sapondako ngakhale nyumba ikupsa.

Lachinayi nditatsegula chitseko ndinapeza katundu pakhomo: khasu loguluka, ndowa yodontha, mpando wothyoka mwendo, chitseko cha khola la nkhuku, ndi wailesi imene inasiya kulankhula malemu akadali moyo. Kale lonse ankandisiyira chinthu chimodzi, mwina pa mwezi kamodzi. Mayi anali atazungulira pakhomo ponse kufuna chilichonse chakufa chimene chikanandichotsa pa botolo mpaka mwana wawo atabwera. Ine ndinaima pamenepo mtima uli myaa. Ndinati aona ntchito ya dzulo, tsopano ayamba kundikhulupirira. Kuntchito sindinapite n'komwe. Mnzanga atadutsa pa njinga ndinamuuza akanene kuti mutu ukundipweteka. Pofika masana zonse zinali zitatheka, kupatula wailesi. Ndinakazindandalika pakhomo pawo, ndinatsokomola kamodzi, n'kubwerera ku botolo.

Tsiku limenelo ndinayesa nzeru zonse. Ndinamangirira kansanza kunsonga ya nsungwi, koma nsungwi ndi yowongoka pamene botolo ndi lamapewa, ndiye inkangopukuta kamalo kamodzi pakati. Ndinapinda sipoku ya njinga n'kumakanda nayo mpaka mano anachita dzanzi ndi kulira kwa galasi. Ndinapita kumtsinje kukatapa mchenga wokhakhala ndi timiyala. Ndinathiramo mpunga wosaphika ndi madzi a mandimu, poti mpunga umakwecha popanda kukala galasi, ndipo mpunga wakewo unali wa apongozi omwewo, umene anatigawira kuti tizidya. Apa zinayamba kuoneka. Mizere ya m'mbali ija inayamba kufufutika umodziumodzi, kuyambira pamwamba. Uliwonse ukachoka ndinkasangalala ngati munthu amene akupha nsikidzi. Pansi pokha ndi pamene panakanika.

Apongozi tsiku limenelo kumpunga sanapite. Anakhala pakhonde pawo atandifulatira, akupeta mpunga wa m'lichero limodzi lomwelo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Botolo likayamba kulira kuti khutchukhutchu, lichero linkaima. Ndikapumira, linkayambanso.

Dzuwa lisanalowe ndinakumbukira chidulo. Ndinatentha zitsononkho ndi makoko ouma a nthochi, phulusa lake ndinalithira madzi n'kulisefa monga amachitira amayi akafuna kuphika therere, koma changacho ndinachipanga chaukali woti chikanasupula munthu khungu. Ndinathira m'botolo mpaka nkhoko zonse zitamira, n'kulilowetsanso kuchipinda.

Lachisanu pakhomo panalibe khasu kapena ndowa. Panali kabeseni ka masau akupsa bwino, ochita kusankhidwa, ndipo pambali pake panali kapepala ka shuga. Mwana aliyense wa malemu aja akanamva: bwezeranimo izi, mwina china chake chatsalamo, mwina chidzuka. Mayi wamkulu anali akundigwadira m'njira yokhayo imene anali nayo. Ine ndinati ndi mphoto. Shuga ndinathira mu tiyi. Masau ndinakhala pansi n'kudya onse, nditakhala poonekera dala, kuti adziwe kuti mphatso yawo ndaiyamikira.

Ndikulavulira nthanga m'dzanja m'pamene nzeru ina inanditulukira. Nthanga za masau ndi zolimba, zokhakhala, ndipo sizikala galasi. Ndinazithira zonse m'botolo, pamwamba pa chidulo chija, n'kuyamba kuzunguza. Poyamba madzi anangoda. Ndinazunguzabe, manja atatupa, mpaka ndinaona chibenthu cha nkhoko chachikulu ngati chikhatho chitanyamuka n'kuyamba kuyandama. Ndinaseka ndekha pakhondepo, mokweza. Zinazo zinatsatira mosavuta, zibenthuzibenthu, ndipo ndinkaziphwanya ndi sipoku kuti zithe kutuluka pakamwa. Zinatsala pang'ono kudzaza kabeseni kaja ka masau.

Ndinakazitaya kudzala, ndinathira phulusa pamwamba, n'kukwirira ndi dothi, ndendende monga ndinkaphunzitsira m'midzi. Pobwerera ndinaona lichero lili pansi, mpunga utamwazika, nkhuku zikudya popanda wozipirikitsa. Chitseko cha apongozi chinali chotseka, dzuwa lili paliwombo. Ndinati atopa, ndi ukalamba.

Ndinamalizira ndi klorini wa kuntchito, kuti ngati mwatsala kachilombo ngakhale kamodzi kafe. Pa moyo wanga wonse sindikumbuka chinthu china chimene ndinachichita mokwanira chonchi. Ndinalitsukuluza kasanu, n'kulivundikira pathandala kuti liume. Litauma linkawala moti munthu ukanatha kuwerenga nyuzipepala kudzera m'kati mwake, ndipo ndinayesadi.

Loweruka m'mawa ndinayala kansalu pampando, n'kuikapo botolo pansi pa mtengo wa bwemba, pamene tinkayenera kukambirana. Mkazi wanga anafika cha m'ma eyiti pa kabaza, mwana ali kumsana, akumwetulira, poti mng'ono wake anali atachira bwino, mwana wamkazi. Atatsika anaona botolo, ndipo kumwetulira kunathera pomwepo.

"Ichi n'chiyani, bambo?"

"Botolo la bambo anu. Simukulizindikira, eti? Masiku atatu ndalimbana nalo."

Anayandikira, anaika mphuno pakamwa pake n'kununkhiza. Kenako anakhala pansi, padothi, ndi chitenje chake chapaulendo.

"Zam'katimo zili kuti?"

"Kudzala. Ndakwirira."

"Amayi anakuonani?"

"Masiku onse atatu. Anandipatsanso masau."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndakhala naye zaka zambiri mkazi ameneyu, wandiyang'anapo mosiyanasiyana, koma mayang'anidwe a tsiku limenelo sindinawaonenso. Ndiye anandiuza zonse, motsitsa mawu, mwachidule, akumasula mwana kumsana. Pamene ankamaliza, amalume ndi ankhoswe anga anali akutsamiritsa njinga zawo pa mpanda. Nthawi yobisa botolo panalibe. Ndinalakalaka dzenje lija ndikanalikumba lalikulu kuti ndilowemo ndekha.

Tinakhala pansi pa bwemba paja, botolo lili pakati pathu ngati nalonso laitanidwa. Apongozi anayala mphasa kuseri kwa mpanda wa bango, monga ankachitira nthawi zonse, kuti mawu awo azimveka koma ine ndisawaone. Amalume, munthu wansangala, analiyang'ana botolo n'kuseka.

"Kodi ili si la malemu alamu anga? Ine ndimayesa linapita ndi madzi, mlongo."

Amalume anayang'ana mkazi wanga, anayang'ana ine, ndipo kuseka kunawathera pakamwa. Anakonza kukhosi n'kuyamba nkhani imene tinasonkhanira. Ankhoswe anga analankhula bwino kwambiri. Anati ndakhala pamudzipo zaka zisanu ndi chimodzi popanda mlandu, ndine wolimbikira, waulemu, waukhondo. Atafika pa ukhondopo ndinaweramitsa mutu.

"Mwamva, mlongo," anatero amalume atayang'ana kumpanda. "Tiwayankhe chiyani anzathuwa?"

Tinangomva mphasa ikukokedwa. Apongozi anatulukira kumapeto kwa mpanda, anayala mphasa yawo patsogolo panga penipeni, n'kukhala. Ine ndinafuna kudzuka kuti ndithawe monga mwa masiku onse, koma ankhoswe anandigwira bondo. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo yonse. Maso awo anali a mkazi wanga enieni, koma otupa.

"Bambo," anatero, kwa ine, osati kwa amalume. "Mwatsuka bwino."

Ndinayang'ana botolo lija, iwo n'kupitiriza.

"Mkazi wanu mutengeni. Pakhomo pano ndinatsala ndi anthu awiri. Mmodzi mwakamukwirira kudzala dzulo. Winayu mutengeretu, ndilire kamodzi."

Ankhoswe anga, amene sankadziwa kanthu, anaomba m'manja mwaulemu n'kuthokoza m'malo mwanga. Ndikuwaperekeza anandigwira chanza kawiri. Anati sanaonepo nkhani ya chitengwa yotha msanga chonchi, ndipo anafuna ndiwauze kuti mayiwa ndinawadyetsa chiyani.

Chinthu chimene ndinachilirira zaka zisanu ndi chimodzi chinali m'manja mwanga, ndipo chinkandinyansa. Madzulo mkazi wanga anandifunsa, akupukuta mbale, osandiyang'ana, kuti tinyamuka liti. Ndinati tidikire kaye masau athe. Sanafunse kuti masau akukhudzana bwanji ndi ulendo.

M'mawa mwake ndinapita kukatola masau. Ndinawafinya, ndinathira shuga ndi madzi, n'kudzaza botolo lija mpaka m'mapewa. Ndinakapempha masese kwa mayi wina wofulula mowa kutsidya kwa njanji, yemwe ndinkamuopseza chaka ndi chaka kuti ndimutsekera chifukwa cha mbiya zake zosakwecha. Anandigawira akuseka mpaka misozi. Patatha milungu itatu ndinalinyamula botolo kupita nalo pakhonde pa apongozi, poti zothawana zinali zitatha tsiku lija la pabwemba. Anatsegula, ananunkhiza, n'kutseka.

"Si iwo," anatero.

Sananame. Chimene ndinapangacho chikanatha kuchotsa dzimbiri pa khasu. Ndinakhuthula, koma masese ndinawasiya pansi, ndipo ndinauza mkazi wanga kuti tidikire masau a chaka chamawa.

Papita zaka khumi ndi chimodzi. Botololo silinaonenso sopo. Limakhala m'nyumba mwanga, ndipo kutchalitchi kwa apongozi onse amadziwa kuti ndi la mkamwini wawo uja wosamva, amene azimayi amamupempherera sabata iliyonse. Ndimamva kuti apongozi ndi amene amapemphera mokweza kuposa onse. Nkhoko zayambanso pansi, zopyapyala, koma zakuda ndithu. Vinyo wake madoda a m'mudzi muno amati ndi wabwino, ngakhale madoda a m'mudzi muno anganene zimenezo za chilichonse chaulere.

Chilolezo chija palibe anandilanda. Amalume asanamwalire ankandikumbutsa, tikakumana pamsika pa Golomoti, kuti njira ndi yotsegula. Apongozi nawo sananenepo ndi pakamwa pawo kuti tikhale. Amangodikira mwezi wa masau, ine n'kubwera ndi botolo pakhonde pawo, ndipo masiku ano ndimachita kuwagwirira chifukwa manja awo amanjenjemera.

Chaka chino ananunkhiza nthawi yaitali kuposa kale lonse, atatsinzina. Ine mtima unali m'mwamba, ndipo sindikudziwa ngati ndinkafuna avomere kapena akane.

"Si iwo," anatero. "Mudzayesenso chaka chamawa, bambo."

Ndinati chabwino, amayi. Madzulo ake ndinaimbira foni mng'ono wanga kumtunda, n'kumuuza kuti munda umene bambo anandisiyira angopitiriza kulima.